Mapiritsi a Shuga Tagula, Nanga za Kuyenda Atiuza Ndani?

Munthu amene ali ndi matenda a shuga amazolowera malo awiri: kuchipatala ndi kufamase. Kuchipatala amapita pa tsiku limene anamulembera m'buku, mwina pakatha mwezi, mwina miyezi itatu. Amalawirira, amakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo nthawi yake yolowa ikakwana, dokotala amakhala ndi mphindi zowerengeka chifukwa panja mzere udakali wautali. Amamuyeza shuga ndi BP, n'kumulembera mankhwala. Mawu akuti "muzichitako masewera olimbitsa thupi" amamupeza ataimirira kale, buku lili m'manja, akuyang'ana kukhomo.

Kufamase n'kosiyana. Amapitako kawirikawiri: mankhwala akasowa kuchipatala, timapepala toyezera shuga tikatha, kapena chifukwa ndalama imene ali nayo yangokwana mapiritsi a masiku khumi, ndiye ayenera kubweranso. Sipafunika kulembetsa tsiku. Wapafamaseyo amafika pomudziwa nkhope, dzina, ngakhale dera limene amakhala. Ngati pali munthu wa zaumoyo amene angamafunse mwezi ndi mwezi kuti, "Mayi, kuyenda kuja mukupitiriza?" ndi ameneyu.

Funso limeneli silikumveka mokwanira m'mafamase athu, ndipo ife ogulafe sitilipempha. Komatu nkhaniyi ikukhudza makomo ambiri. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi shuga wokwera. Mukayang'ana mabenchi a kutchalitchi kwanu pa Sabata m'mawa, mungathe kuwerengera nokha kuti ndi angati amene nambala imeneyi ikuwanena.

Zimene zimachitika m'minofu

Tikadya nsima, mpunga, mbatata kapena buledi, thupi limasandutsa chakudyacho kukhala shuga amene amalowa m'magazi. Shugayo alibe phindu akamangozungulira m'magazimo. Ayenera kulowa m'minofu ndi m'ziwalo zina kuti asanduke mphamvu, ndipo amene amamutsegulira njira ndi insulini, yemwe amapangidwa m'kapamba. Mwa anthu ambiri amene shuga anawayamba atakula, insulini alipo ndithu, koma minofu yasiya kumumvera bwino. Shuga amadzadzana m'magazi, ndipo m'kupita kwa zaka amawononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya m'mapazi.

Minofu ikamagwira ntchito imatsegula njira ina yolowetsera shuga, yosadikira insulini. Munthu akamayenda, minofu ikuluikulu ya m'ntchafu ndi ya m'katumba imakoka shuga m'magazi nthawi yomweyo. Akapuma, minofuyo imapitiriza kumvera bwino insulini kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako imabwerera mwakale. N'chifukwa chake akatswiri a matenda a shuga amati pasamadutse masiku oposa awiri otsatizana munthu asanalimbitse thupi. Kuyenda kwa Lamlungu sikufika Lachisanu.

Mu 1986, mumzinda wa Da Qing ku China, ofufuza anatenga anthu 577 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike poti n'kudwala. Ena anawalangiza za kadyedwe, ena za kulimbitsa thupi, ena zonse ziwiri. Patatha zaka 6, chiopsezo chodwala shuga mwa amene ankalimbitsa thupi chinali chitatsika ndi 46 peresenti poyerekeza ndi amene sanapatsidwe malangizo apadera. Ku United States nako, zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 3,000 zimene zinatuluka mu 2002 zinaonetsa kuti kuchepetsako thupi ndi kulimbitsa thupi mphindi 150 pamlungu kunatsitsa chiopsezocho ndi 58 peresenti, pamene mapiritsi a metformin anachitsitsa ndi 31 peresenti.

Amenewo anali anthu oti sanadwalebe. Kwa amene akudwala kale, kafukufuku amene amatigwira mtima ndi wamng'ono, wa anthu 41 okha, wa pa yunivesite ya Otago ku New Zealand mu 2016. Anthu omwewo anayesa njira ziwiri: kuyenda mphindi 30 pa nthawi ina iliyonse ya tsiku, ndi kuyenda mphindi 10 atangomaliza chakudya chilichonse mwa zakudya zitatu. Mphindi n'zofanana. Koma poyenda atangodya, shuga wawo wa pambuyo pa chakudya ankakwera mocheperapo, ndipo kusiyana kwakukulu kunali pa chakudya chamadzulo. Tangoganizani mmene timadyera kwathu kuno: mitanda yochuluka imakhala ya usiku, ndipo tikasamba m'manja timapita pamkeka, pa TV kapena kukagona. Ellen White analangiza kalekale kuti munthu akadya aziyendako pang'ono mosadzikakamiza, ndipo m'buku lake la The Ministry of Healing la mu 1905 anaika kulimbitsa thupi pakati pa njira zisanu ndi zitatu zachilengedwe zosamalira moyo. Choncho kwa ife Aadventisti uthengawu si wachilendo. Chimene chimativuta n'kuusandutsa chizolowezi m'thupi la munthu amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku.

Wapafamase amadziwa zimene zili m'thumba mwanu

Aliyense angathe kuuza wodwala shuga kuti aziyenda: abusa, mkulu wampingo, mdzukulu amene waona pa intaneti. Koma malangizo oyenera amadalira mankhwala amene munthuyo akumwa, ndipo amene amawagwira m'manja mwezi uliwonse ndi wapafamase.

M'dziko muno ambiri amalandira metformin, glibenclamide, insulini wobaya, kapena awiri mwa amenewa pamodzi. Metformin payekha kawirikawiri satsitsa shuga mopitirira muyeso, kotero amene akumwa yekhayo angayambe kuyenda popanda mantha ambiri. Glibenclamide ndi wina. Iye amakankha kapamba kutulutsa insulini, kaya munthu wadya kaya sanadye. Insulini wobaya nayenso akalowa walowa, sabwezeka. Tsono pamwamba pa mankhwala amenewa pakabwera minofu imene ikukoka shuga payokha, shuga angatsike mpaka kufika poopsa.

Tiyerekeze ndi bambo wa zaka 60 amene akumwa glibenclamide. Ndi mu Disembala, udzu wakula m'munda. Wadzuka tambala woyamba, wameza piritsi ndi madzi, watenga khasu, akuti phala adzadya akaweruka cha m'ma 9 koloko. Pofika 8 koloko manja ayamba kunjenjemera, thukuta lozizira lili thupi lonse, mtima ukugunda mofulumira, njala yake yosaneneka. Akapanda kudya kanthu kotsekemera msanga, amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira ndi kulankhula zosagwirizana. Odutsa m'njira angamuyese woledzera, zimene kwa mkulu wampingo ndi chilonda china pachokha. Zikapitirira amakomoka, ndipo munda uli kutali ndi mudzi. Bamboyu sanalakwitse kulima ayi. Anangosowa womuuza kuti piritsi limeneli silimwedwa ndi munthu wopita kuntchito yolemetsa m'mimba muli pululu.

Kumuuza zimenezi sikutenga mphindi zitatu. Wapafamase wodziwa ntchito yake, popereka glibenclamide kapena insulini, ayenera kufunsa kuti, "Bambo, m'mawa mumagwira ntchito yanji, ndipo mumadya nthawi yanji?" Kenako anene zoyenera kuchita. Kudya kaye musanapite kumunda kapena koyenda. Kuyenda ndi shuga wa m'kapepala kapena masuwiti m'thumba nthawi zonse. Zizindikiro zija zikayamba, kuima pomwepo ndi kumwa madzi osungunuliramo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga, kapena Sobo, kapena kudya supuni yaikulu ya uchi. Kudikira mphindi 15. Kubwereza ngati sizinasinthe. Kenako kudya chakudya chenicheni. Munthu akakomoka, asamuthire kanthu m'kamwa chifukwa angatsamwe, koma amugoneke cham'mbali ndi kuthamangira naye kuchipatala. Ndipo popeza mphamvu ya glibenclamide imakhala m'thupi maola ambiri, shuga angatsikenso munthu atatsitsimuka kale, kotero amene wafika posokonezeka mutu akaonedwebe kuchipatala tsiku lomwelo.

Mawu amenewa ayenera kufika kwa a m'banja onse. Nthawi zambiri wopita kukagula mankhwala si wodwalayo koma mwana kapena mkazi wake, ndipo iwo ndi amene adzamupeze atagwa.

Palinso timfundo tina timene wapafamase amatidziwa bwino. Makina oyezera shuga amene ali m'manja mwa anthu sawerenga mofanana: ena amaonetsa nambala zing'onozing'ono za mmol/L, ena zikuluzikulu za mg/dL. Shuga wotsika kwambiri ndi wochepera 3.9 pa makina oyambawo, kapena wochepera 70 pa enawo. Kuti muchoke pa nambala yaing'ono kupita pa yaikulu mumachulukitsa ndi 18. Taonapo mabanja akukangana pa nambala chifukwa makina a mwana wa ku Johannesburg ndi a kuchipatala sakunena chimodzi. Wobaya insulini asabaye pantchafu ngati akupita koyenda kapena kopalasa njinga, chifukwa mwendo ukamagwira ntchito insuliniyo amalowa m'magazi mofulumira. Pamimba ndi pabwinopo. Tsiku limene wagwira ntchito yolemetsa, shuga angatsike usiku ali m'tulo, choncho asagone asanayeze kapena kudya kanthu. Amene akumwanso atenolol kapena propranolol wa BP adziwe kuti mankhwala amenewa amabisa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera, kotero chenjezo lawo lingakhale thukuta lokha. Kumbali inayo, shuga akakwera kwambiri ndipo munthu akumva ludzu losatha, kufooka kapena kusanza, limenelo si tsiku lolimbitsa thupi koma lopita kuchipatala.

Kusintha mlingo wa mankhwala si ntchito ya pakauntala. Munthu akayamba kuyenda tsiku ndi tsiku ndipo shuga wake wayamba kutsikatsika, wapafamase wabwino amamubweza kwa dokotala, makamaka atalemba kakalata kapena mzere umodzi m'buku la kuchipatala. Nthawi zina dokotala amachepetsadi mankhwala, ndipo imeneyo ndi nkhani yosangalatsa. Koma achepetse ndi dokotalayo.

"Ine ndimagwira ntchito kale"

Yankho limeneli wapafamase adzalimva tsiku lililonse, ndipo nthawi zina ndi loona. Mayi amene amatunga madzi kumjigo kasanu patsiku, kukatola nkhuni ndi kupalira ekala yonse safunika kuuzidwa zothamanga pabwalo la mpira. Iye afunika kuthandizidwa kugwirizanitsa ntchito, chakudya ndi mapiritsi. Koma kutopa ndi kulimbitsa thupi si chinthu chimodzi. Telala amaweruka atatopa, dalaivala wa minibasi chimodzimodzi, wa muofesi, wogulitsa tomato pamsika, mtsikana wa Airtel Money kapena Mpamba pansi pa ambulera. Onsewa akhala pansi tsiku lathunthu. Mtunda umene makolo athu ankayenda osauwerengera, kuchoka kunyumba kupita pamsewu, lero timakwera kabaza. Mtondo unalowedwa m'malo ndi chigayo. Ngakhale mlimi weniweni ali ndi nyengo: kuyambira Novembala mpaka Epulo thupi limagwira ntchito koopsa, koma akakolola pamabwera miyezi ya pakhonde ndi pabawo, chakudya chili chambiri m'nkhokwe.

Ndiye funso labwino si lakuti, "Mumachita masewera?" Kwa agogo a zaka 70 mawu akuti masewera amamveka ngati za ana asukulu. Funso labwino ndi lakuti, "Agogo, dzulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo munayenda kupita kuti?"

Muyeso umene bungwe la WHO limapereka kwa akuluakulu ndi mphindi zosachepera 150 pamlungu za ntchito yopangitsa munthu kupuma mofulumirako, ndi masiku awiri pamlungu a zolimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi mphindi 30 kwa masiku asanu, ndipo 30 zimenezo zingaduledwe patatu monga anachitira a ku Otago aja. Liwiro lake ndi la ndawala: muzitha kucheza ndi mnzanu, koma mukayesa kuimba nyimbo ya kukwaya mpweya uzikuperewerani. Zolimbitsa minofu sizifuna zitsulo za mtengo wapatali. Kukhala ndi kudzuka pampando kakhumi osagwirira, kukankha khoma ndi manja, kunyamula mabotolo a madzi a malita awiri, kuthirira dimba ndi keni, zonsezi zimawerengedwa. Amene ntchito yawo ndi yokhala pansi aziimirira ndi kuyendako pang'ono pakatha mphindi 30 zilizonse. Amene wakhala zaka osayenda ayambe ndi mphindi zisanu kapena khumi, aziwonjezera mlungu ndi mlungu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo amene ali ndi vuto la mtima, kapena amene shuga anafika kale m'maso, ayambe wafunsa dokotala, chifukwa kunyamula zolemera ndi kuweramitsa mutu kungawononge maso odwala kale. Kupweteka kwa pachifuwa, kubanika kapena chizungulire poyenda ndi chizindikiro choti aime.

Mapazi

Pano tikufuna tichedwepo, chifukwa uphungu wa kuyenda ukaperekedwa popanda kuyang'ana mapazi ungapundule munthu amene timafuna kumuthandiza. Shuga wa zaka zambiri amapha mitsempha yomvera ululu, kuyambira ku zala za kumapazi. Munthu amayamba kumva dzanzi kapena kutentha usiku, kenako samva kanthu. Kamwala kakalowa m'nsapato amayenda nako tsiku lonse. Thuza limaphulika osadziwa. Popeza magazi nawonso sayenda bwino m'miyendo yotere, kachilonda kakang'ono kamakana kupola, ndipo ena mwa abale athu amene anadulidwa chala kapena mwendo nkhani yawo inayamba ndi nsapato yothina ya pa ukwati, kapena minga ya kumunda.

Wapafamase amaona zizindikiro zimene dokotala sangazione. Wodwala shuga akabwera kudzagula pulasitala, mankhwala opaka pachilonda kapena mapiritsi a "miyendo yotentha", pamenepo mpofunika kufunsa, ngakhale kupempha kuti, "Tavulani nsapato tione." Chilonda chilichonse cha kuphazi kwa wodwala shuga n'choyenera kuchipatala msanga, osati kudikira kuti tione mmene chikhalire mlungu wamawa, ndipo osayenda mtunda pa phazi la chilonda. Amene mapazi awo ali bwino aziwayang'ana madzulo alionse, pansi ndi pakati pa zala. Ngati maso kapena msana sukulola, mdzukulu achite ntchitoyo. Asayende osavala nsapato, ngakhale pabwalo la pakhomo, makamaka mu Okutobala pamene dothi limawotcha. Patapata si nsapato yoyendera ndawala. Nsapato za kaunjika zilibe vuto, bola zikhale zotseka, zofewa m'kati, zosathina ku zala, zovala ndi sokosi, ndipo muzikutumula musanavale. Amene dzanzi lawo ndi lalikulu angachite bwino kupalasa njinga kapena kulimbitsa thupi atakhala pampando, atakambirana ndi achipatala.

Nanga n'chifukwa chiyani sizichitika?

Famase ndi bizinesi. Lendi, magetsi ndi malipiro a antchito zimachokera pa zimene zagulitsidwa, ndipo kuyenda sikugulitsidwa. Mphindi zisanu zofotokozera agogo za shuga wotsika ndi mphindi zisanu zimene ena anayi akudikira pamzere. M'mafamase ambiri mulibenso malo oti munthu anene za matenda ake popanda ena kumva. Ndipo tisabise: pa mashelefu ena pali mabotolo a tiyi ndi ufa wolembedwa kuti amatsitsa shuga, a mtengo woposa metformin wa mwezi wathunthu, ndipo phindu lake limakopa kuposa kuuza munthu kuti azizungulira sukulu kawiri akadya mgonero.

Maiko ena anaona vuto lomweli ndipo anayesa njira zawo. Mu 1997, khonsolo ya mzinda wa Asheville ku North Carolina, m'dziko la United States, inayamba kulipira akatswiri a zamankhwala a m'mafamase kuti azikhala pansi ndi antchito ake odwala shuga pafupipafupi, kuona nambala zawo ndi kukambirana za mankhwala, chakudya ndi kulimbitsa thupi. Shuga wa ambiri anatsika, masiku ojomba kuntchito chifukwa cha matenda anachepa, ndipo ndalama zonse zowonongedwa pa chithandizo chawo zinatsika. Ku England, mumzinda wa Portsmouth, mu 2009 munayambika ndondomeko yotchedwa Healthy Living Pharmacy, imene famase imakhala ndi wantchito wophunzitsidwa kulankhula ndi anthu za fodya, kunenepa ndi kulimbitsa thupi. Patatha zaka zoposa khumi, zimenezi zinakhala zofunika kwa mafamase onse ogwira ntchito ndi boma m'dzikolo. Chimene tikutolapo ife n'chakuti m'malo onse awiriwa munthu wina anaikidwa pa ntchitoyo ndipo nthawi yake inawerengedwa. Uphungu wosiyidwa kuti uzichitika "pakapezeka mpata" supezeka mpata.

Kuno kwathu sitingadikire kuti khonsolo iyambe kulipira. Koma mwini famase wanzeru adziwa kuti wodwala shuga ndi kasitomala wa zaka makumi, ndipo amabwerera kumene anamufunsa za mapazi ake. Sikelo pakona, mpando umodzi kuseri kwa shelefu, ndi kakhadi kolembapo masiku amene munthu wayenda si zinthu zogwetsa bizinesi. Mafamase ambiri amayeza kale shuga ndi BP pa kandalama kochepa. Nambala ikatuluka, m'malo mongoti "wakwera", pakhale funso la zimene munthuyo wadya ndi kumene wayenda.

Tiyeneranso kudziwa amene tikulankhula naye. Kwathu kuno aliyense wovala gauni yoyera timamutcha adokotala, koma oima pakauntala ndi osiyanasiyana. Pali akatswiri a digiri, monga amene amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences. Pali othandizira awo amene amaphunzira ku sukulu ngati Malawi College of Health Sciences. Ndipo pali ongolembedwa ntchito yogulitsa. Mafunso a glibenclamide ndi insulini apite kwa wophunzirayo, ndipo si mwano kufunsa kuti, "Kodi akatswiri a mankhwala alipo lero?" Malo ogulitsa mankhwala amayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la mu 2019. Wogulitsa mapiritsi padzuwa pamsika sali m'gulu limeneli. Kumidzi kumene kulibe famase, ntchito yonse imene tikunenayi imagwera pa zenera lolandirira mankhwala la pachipatala chaching'ono kapena cha mishoni, monga chathu cha Malamulo ku Makwasa, ndipo mafunso ake ndi omwewo. Safunsa anadya phula.

Zimene zili m'manja mwa mpingo

Pali ena pakati pathu amene akamva za njira zachilengedwe amamva ngati akuuzidwa kutaya mankhwala. Munthu amayamba kuyenda, kudya mgaiwa ndi masamba ambiri, nambala zimatsika, ndipo m'bale wina wa changu amamuuza kuti wachira, mapiritsi ndi poizoni, asonyeze chikhulupiriro. Amenewa ndi malangizo oopsa. Kwa mwana kapena wachinyamata amene thupi lake silipanga insulini n'komwe, kusiya jakisoni kumapha m'masiku ochepa, ngakhale atayenda mtunda wotani. Kwa wamkulu, shuga amakwera mwakachetechete mpaka maso kapena impso zitawonongeka. Mpingo umene unamanga Malamulo ndi Blantyre Adventist Hospital suphunzitsa kuti mankhwala a dokotala ndi mdani wa chikhulupiriro. Apanso wapafamase ndi mboni yoyamba, chifukwa ndi iye amene amazindikira kuti mayi uja wa mwezi ndi mwezi sanaonekenso. Za kusala kudya pa masiku a mapemphero nazonso zifunsidwe pasadakhale ndi aliyense amene ali pa glibenclamide kapena insulini.

Chimene wapafamase sangachite ndi kuyenda nanu. Iye angalangize, koma pa 5 koloko m'mawa sakhalapo, ndipo cholepheretsa chachikulu nthawi zambiri si ulesi koma maso a anthu. Mayi wachikulire akamayenda ndawala popanda dengu pamutu, aneba amamuimitsa: "Kwagwanji, amayi?" Bambo wonenepa amene anthu ankamulemekeza kuti zake zikuyenda, akayamba kuchepa thupi, manong'onong'o amayamba a matenda ena. Kwa amayi palinso nkhani ya chitetezo kukadali mdima. Zonsezi zimapepuka anthu akakhala atatu kapena anayi. Amayi a Dorika amakumana kale mlungu uliwonse. A bungwe la abambo chimodzimodzi. Ma Pathfinder amadziwa kuguba kuposa tonsefe ndipo angaperekeze agogo awo. Pa Sabata, tikatha chakudya chamasana, m'malo mogona pansi pa mtengo kudikira pologalamu ya madzulo, kuyenda mphindi 15 kukaona wodwala wapafupi kumakwaniritsa zinthu ziwiri nthawi imodzi.

M'mipingo yambiri ya m'tauni muli mamembala amene amagwira ntchito m'mafamase, ndipo nthawi zambiri timawapatsa udindo wa usungichuma kapena kwaya osawafunsa za ntchito yawo. Mtsogoleri wa dipatimenti ya zaumoyo angapemphe mmodzi wa iwo, kapena wapafamase yapafupi ngakhale si wa mpingo wathu, kuti adzakhale ndi odwala shuga ndi mabanja awo Lamlungu lina m'mawa. Aliyense abwere ndi mapaketi a mankhwala ake onse, buku la kuchipatala, makina oyezera ngati ali nawo, ndi nsapato zimene amayendera. Gulu loyenda likayambika, mtsogoleri wake adziwe amene ali pa insulini kapena glibenclamide, ndipo m'chikwama mwake musasowe shuga ndi botolo la madzi.

Tsiku lokumbukira matenda a shuga padziko lonse ndi 14 Novembala, tsiku lobadwa la Frederick Banting, mmodzi wa amene anatulukira insulini ku Toronto mu 1921. Kwathu kuno tsikuli limafika kukutentha, anthu akumalizitsa mizere ndi kudikira mvula yoyamba. Patangopita milungu yochepa, odwala shuga ambiri amene akhala miyezi osagwira ntchito yolemetsa adzakhala ali m'munda kuyambira mbandakucha, akumwa mlingo womwe uja wa mankhwala umene anawalembera mu Julayi. Msonkhano wa chaka chino ukachitike mvula isanagwe, ndipo nkhani yoyamba ikhale ya chakudya cha m'mawa ndi kapepala ka shuga m'thumba la wopita kumunda.